Jombo za ski za hybrid zikundipha zala ndikamakwera phiri, ndikonzetse zomwezi kapena ndigule zina?

Wa_ku_Dedza_Inverness

Moni nonse akuluakulu. Ndakhala kuno ku Inverness ku Scotland zaka zinayi tsopano, ski ndinayamba chaka chachiwiri pomwe anzanga akuntchito ananditengera ku phiri la Cairngorm, kuchokera tsiku limenelo winter sindimaiwopanso, ndimachita kuiyembekezera. Zaka ziwiri zoyamba ndimabwereka jombo pa resort pompo, koma chaka chatha ndinayamba kutsatira anzanga aja kokwera phiri ndi ma skin (nsalu zomata pansi pa ski kuti isamaterereke kubwerera m'mbuyo), kuchoka pa car park ya Coire Cas kupita pamwamba mpaka kulowera cha ku Ben Macdui, ndiye ndinaona kuti bola ndigule jombo imodzi yoti izigwira zonse, pa lift komanso kuthengo. Ndinagula ya hybrid, flex 120 (muyezo wa kulimba kwa jombo), size 27.5, ndipo ndinagula pa intaneti chifukwa inali pa sale, sindinayeze kwa munthu aliyense.

Nkhani yake ndi iyi. Potsika pa piste (njira yosalazidwa ya pa resort) jomboyo ilibe vuto kwenikweni, imagwira bwino kuposa zobwereka zija kutalitali. Koma ndikangotsegula walk mode (yomasula kumtunda kwa jombo kuti izipindika poyenda) nkuyamba kukwera, pakatha mphindi 40 chidendene chimayamba kusewera mkati, chimakwera nkutsika, kukwera nkutsika, pofika pamwamba matuza awiri atuluka kale, lina kuphazi lamanja mkati mwa chidendene lina kumanzere malo omwewo. Pomwe chidendene chikusewera choncho kutsogolo ndiye kwathina zoopsa, fupa la kachala kakang'ono limachita kuyaka moto ndipo zala ziwiri zakumapeto zimachita dzanzi. Loweruka lapitali nditabwerera pagalimoto ndinavula sokosi nkupeza chikhadabo cha chala chachikulu chada bii, ndinakhala mgalimoto pafupifupi theka la ola heater ili full kudikira kuti zala zibwerere.

Phazi langa ndi lotambalala kutsogolo, la munthu woti wakula akuyenda ndi patapata, koma chidendene ndi chowonda. Ndimalemera 78 kg. Masiku a ski pachaka mwina 20, ndipo mwa amenewo okwera ndi miyendo mwina 6 kapena 7, otsalawo ndi Cairngorm ndi Glenshee pa lift. Funso langa, kodi ma hybrid onse ndi chonchi, kuti umapeza zonse koma mwatheka theka? Ndikonzetse yomweyi kapena ndingoigulitsa ndiyambirenso? Ndalama yake sinali yamasewera ndiye zikundipweteka mumtima. Thandizeni chonde.

Nangozo_Tromsø

Achimwene pepani ndi zalazo, chikhadabo chakudacho chimatenga miyezi kuti chisinthe, inenso zinandichitikirapo chaka changa choyamba kuno. Musanaganize zogulitsa pangani kaye ichi lero lomwe kunyumba, sichifuna ndalama. Tulutsani liner yonse (kajombo kofewa kamkati) mu jombomo, lowetsani phazi lopanda sokosi mu chigoba cha pulasitikicho, sunthani phazi kutsogolo mpaka zala zingokhudza pang'ono kumapeto, kenako pindani bondo muone mpata umene watsala kuseri kwa chidendene. Uzani munthu akuunikireni ndi tochi ya foni. Ukakhala 1.5 cm mpaka 2 cm size ili bwino. Ukapitirira 2.5 cm jomboyo ndi yaikulu ndipo palibe mmisiri amene angaichepetse. Pulasitiki amatha kuikuza, kuifinya kuti ichepe ayi.

Ndikunena izi chifukwa zimene mwafotokozazo ndi zimene zimachitikira ambiri a mapazi otambalala ngati ife. Munthu umayeza 26.5 nkumva kuthina m'mbali ndiye umati ndikweze size, ukatenga 27.5 kutsogolo kumapepukako pang'ono koma jombo yonse yatalika ndi sentimita yathunthu, chidendene chapeza bwalo losewerera. Ndipo chikhadabo chimada osati chifukwa jombo yachepa ayi, koma chifukwa phazi likutsetsereka mkati nkumakagunda kutsogolo sitepe iliyonse, komanso potsika mukangokhalira kumbuyo. Yezani phazi lanu papepala, muime chidendene chitagunda khoma, mulembe pomwe chala chachitali chathera. Size ya jombo za ski ndi mondopoint, ndi masentimita a phazi lanu basi, musawerengere kuchokera ku size ya nsapato zoyendera. Mudziwenso kuti 27.0 ndi 27.5 nthawi zambiri chigoba ndi chimodzi, kusiyana kwake kumangokhala pa liner kapena kansalu kapansi.

M'lifupi ndi nkhani ina payokha. Nambala ija amalemba kuti last, 98 mm, 100 mm, 102 mm, amayezera pa size 26.5, size ikamakwera imawonjezekera pafupifupi 2 mm. Atomic Hawx Ultra XTD ndi 98, Hawx Prime XTD ndi 100, Tecnica Cochise ndi 99, Lange XT3 ili ndi mitundu iwiri 97 ndi 100. Koma nambala imeneyi imangokuuzani za kutsogolo kokha, sikuuzani za pamwamba pa phazi kapena mphako ya chidendene, pomwe kokwera phiri malo amenewo ndi omwe amaweruza mlandu. Ine ndinasankha jombo yogwira chidendene ndi akakolo ngati dzanja, yothina kutsogolo, kenako bootfitter (mmisiri wokonza jombo za ski) anatenthetsa pulasitiki pa fupa la kachala nkukankha ndi makina ake. Anapanga kawiri, kachiwiri nditapita nayo ku phiri la Tromsdalstinden nkubwerera ndi malo ofiira paphazi, anapaka lipstick pafupapo nkundilowetsa mu chigoba kuti aone pomwe padinda. Zaka zitatu tsopano palibe thuza.

Masokosi mukuvala otani? Ngati ndi okhuthala kapena awiri, siyani. Limodzi lopyapyala la merino lofika pansi pa bondo, ndipo thermal (buluku lamkati lofunda) isalowe mu jombo, izithera pamwamba.

Wa_ku_Dedza_Inverness

Achemwali zikomo kwambiri, ndapanga zomwe mwanenazo pompano. Phazi lamanja 26.6 cm, lamanzere 26.3. Mpata wakuseri mkazi wanga wayeza ndi ma pen awiri kenako rula, akuti ndi pafupifupi 2.7 cm kumanzere, kumanja 2.4. Ndiye zikuoneka kuti mwalasa. Masokosi ndimavala awiri ndithu chifukwa ndimaopa kuzizira, eti ndimadziwonjezera ndekha mavuto.

Kabaza_YYC

Aise ndikuyankha kuchokera ku Calgary. Za size a Nangozo amaliza, sindiwonjezerapo. Ine ndikufuna ndiyankhe funso lako lija loti kodi ma hybrid onse ndi theka theka, chifukwa yankho lake ndi eya, ndipo si cholakwika, ndi mmene anapangidwira. Jombo ya pa resort yeniyeni imalemera 2 kg kapena kupitirira phazi limodzi, pulasitiki yake ndi polyurethane yokhuthala, kumtunda ndi kumunsi anamanga pamodzi kuseri, ndiye ukaponda pa snow youma ngati msewu wa fumbi wokumbika imameza kugwedezeka konse. Jombo ya touring yeniyeni, yokwerera phiri ndi miyendo, monga Tecnica Zero G Tour Pro, ili cha m'ma 1.3 kg, ndipo zilipo zopepuka kuposa apo zofika kilo imodzi. Hybrid imakhala pakati, zambiri 1.6 mpaka 1.9 kg. Magalamu 400 paphazi ukamawerenga pafoni umaona ngati si kanthu koma kwera nawo mamita 1000 uwamve, mwendo umaunyamula kambirimbiri ndipo pansi pake pali ski, binding (chogwirira jombo pa ski), skin ndi snow yomatirira.

China chimene makampani amakonda kulemba ndi range of motion, kuti kumtunda kwa jombo kumapindika madigiri angati ukatsegula walk mode. Cochise amati 50, Hawx Ultra XTD 54, Scarpa Maestrale cha m'ma 60. Nambala zimenezi usazikhulupirire kwambiri, chofunika ndi choti ikupindika mosavuta bwanji phazi lili mkati liner ili momo, makamaka chakumbuyo, chifukwa pamalo athyathyathya ngati pamwamba pa Cairngorm paja ukufuna sitepe yaitali ndipo jombo yokana kupita kumbuyo imakudulira sitepe nkumakoka chidendene m'mwamba. Pamenepo ndi pomwe matuza amabadwira. Flex nayonso chimodzimodzi, palibe muyezo umodzi wa makampani onse, 120 ya uyu si 120 ya uyo, ndipo 120 ya hybrid ya Grilamid (pulasitiki yopepuka) imamveka mosiyana ndi 120 ya polyurethane, imalimba msanga ngati wagunda khoma pomwe inayo imalimba pang'onopang'ono ukamaitsamira. Kuno kukazizira kufika -25 jombo yanga ya polyurethane imauma gwa moti kuivula pa car park ya Lake Louise ndi nkhondo, pomwe ya Grilamid sisintha kwambiri. Kwanu ku Scotland sikuzizira choncho kawirikawiri ndiye zimenezo zisakudetse nkhawa.

Maganizo anga, ndipo ena atsutsa, masiku 13 pa lift ndi 7 kuthengo ndi munthu amene hybrid anamupangira. Ine ndinasiya hybrid chifukwa ndinafika poti theka la masiku anga ndi ku Kananaskis ndi Rogers Pass, ndiye ndili ndi jombo ziwiri, koma zinanditengera zaka zisanu ndi ma overtime ambiri. Iwe gula hybrid ina ya size yoyenera, yolemererako pang'ono, chifukwa snow ya kwanuko ndimamva kuti nthawi zambiri ndi youma ndi mphepo, ndipo jombo yopepuka kwambiri pa ice imanjenjemera mpaka m'mano.

Koma chimene ndalembera makamaka ndi ichi, sunatiuze binding yako. Ukasintha kuchoka 27.5 kupita 26.5 kutalika kwa jombo pansi kusintha ndi pafupifupi 10 mm, nambala yake yalembedwa m'mbali mwa chidendene, imathera ndi mm. Binding iyenera kusunthidwa ndi kuyezedwanso, zina zili ndi mpata wosunthira zina zimafuna kuboolanso ski. Ndiye pali nkhani ya mtundu wa pansi pa jombo. Za resort zakale ndi ISO 5355, pulasitiki yosalala. GripWalk ndi ISO 23223, ili ndi labala ndipo ndi yopindikira kutsogolo, ma hybrid ambiri masiku ano amabwera ndi imeneyi. Za touring zenizeni ndi ISO 9523. Ukalowetsa GripWalk mu binding yakale yosalembedwa GripWalk imatha kulowa bwinobwino nkumveka kuti kwa, koma tsiku logwa ikhoza kukana kumasula ndipo chimene chimalipira ndi bondo. Ya ISO 9523 imafuna binding yolembedwa MNC kapena Sole.ID, kapena ya ma pin (timisomali tiwiri togwira jombo m'timabowo takutsogolo). Izi usazitenge mopepuka, pita nazo ku shop ski ndi jombo limodzi akayeze.

MaiAwiri_Aberdeen

Ine ndisiyana pang'ono ndi a Kabaza pa nkhani yoti mutenge yolemererako. A Kabaza, kwanuko mumatsika mgalimoto nkuvala ski pompo, snow ili mpaka pamsewu. Kuno si choncho. Kupatula masabata ochepa abwino, touring ya ku Scotland ndi kumanga ski pachikwama nkuyenda wapansi m'tchire la heather, m'matope, m'miyala, nthawi zina ola lathunthu musanaponde snow yoti nkuvalapo ski. March watha tinachoka pa msewu wa A93 kumunsi kwa Glenshee kulowera ku phiri la Glas Maol, tinayenda ndi jombo m'madzi ndi m'miyala mpaka thukuta kutsika, kenako pamwamba mphepo inali itaumitsa snow yonse moti tinavala ma crampon (zitsulo za mano zomanga pansi pa jombo). Pa ulendo ngati umenewo chimene ndimayamika pa jombo yanga ndi labala wapansi ndi kupepuka, za flex ndimazikumbukira mphindi 15 zokha zotsika. GripWalk ili ndi labala inde koma pakati pa phazi ma hybrid ena ndi pulasitiki yokhayokha, ukaponda mwala wonyowa ndi pakatipo umaterereka. Muyang'ane zimenezo mukamagula, mutembenuze jomboyo muone pansi. Muonenso ngati ma crampon anu akugwira bwino milomo ya jomboyo kutsogolo ndi kumbuyo.

Ndiye achimwene dzifunseni moona mtima kuti zaka ziwiri zikubwerazi masiku 7 aja akhala 7 kapena akhala 15. Mmene mwalembera za Ben Macdui ine ndikuona ngati mtima wanu wapita kale kuthengo. Ma lift kuno amatsekedwa ndi mphepo kawirikawiri, snow imabwera nkupita, ndipo ambiri amene ndimawadziwa anayamba ngati inu anathera kokwera ndi miyendo chifukwa April ndi May snow imakhala ikadalipo m'makwawa apamwamba ma resort atatseka kale. Ngati ndi choncho jombo ngati Maestrale, kapena hybrid yakumapeto opepuka, ikhoza kukukomerani kuposa yolemera. Pa 78 kg ndipo ski mwayamba zaka zitatu zapitazo, flex 110 ikukwanani, 120 si lamulo. Jombo yolimba kwambiri imakukankhirani kumbuyo ngati simunazolowere kuitsamira ndi msongolo, ndipo kukhalira kumbuyo ndi komwe kumadetsa zikhadabo monga anenera a Nangozo.

Za matuza ndiwonjezere zimene zinandithandiza ine. Choyamba footbed, kansalu kamene kamabwera mu liner ndi kopanda ntchito, ndinaika ya Superfeet ndipo phazi linasiya kuphwasuka ndikaponda, m'lifupi munachepa pang'ono ndi chidendene chinakhazikika. Amene ali ndi ndalama amapangitsa yowumba paphazi lawo. Chachiwiri pokwera musamasule ma buckle onse. Akumtunda ndi lamba masulani, koma imene ili pafupi ndi akakolo isiyeni yogwira pang'ono kuti chidendene chikhale pansi. Ngati liner yanu ili ndi timabowo ta zingwe, ikani zingwe mumange, liner iziyenda ndi phazi, kukhuzana kuzichitika pakati pa liner ndi chigoba osati pakati pa khungu ndi sokosi. Chachitatu tepi, ndimamata pa chidendene kunyumba phazi lili louma ndisananyamuke, osadikira kuti payambe kutentha. Ndipo mukafika kunyumba tulutsani ma liner aume, osawaika pa radiator yotentha chifukwa amapindika, ingowaimikani pafupi.

Liner imaphwa, zimenezi muzidziwe. Jombo imene mu shop ikumveka ngati slipasi, pakatha masiku 10 kapena 15 idzakhala yaikulu. Yoyenera imathina mukaima chilili zala nkumakhudza kutsogolo, mukapinda maondo nkutsamira zala zimabwerera pang'ono. Muivale mu shopmo mphindi 20 kapena 30, mutsegule walk mode muyende, mukwere masitepe ngati alipo. Mupite masana kapena mutaweruka kuntchito mapazi atatupako, makamaka ngati ntchito yanu ndi yoimirira ngati yanga.

Chomaliza, si za jombo koma sindingakhale chete. Kumtunda kwa Cairngorm kuja mtambo ukatsika suona ngakhale nsonga za ski zako, ndipo m'mphepete mwa makwawa akumpoto snow imapanga milomo yolendewera. Muziwerenga lipoti la SAIS (bungwe lochenjeza za avalanche, kugumuka kwa snow) la Northern Cairngorms tsiku lililonse musanapite, mukhale ndi transceiver, fosholo ndi probe (zida zofufuzira munthu wokwiririka mu snow), ndipo ngati simunapangepo kosi ya avalanche, Glenmore Lodge komwe amaphunzitsa zimenezi ili pafupi nanu pompo kumtunda kwa Aviemore. Ben Macdui ndi mamita 1309 okha, sifika ndi theka lomwe la Sapitwa, koma nyengo yake m'winter imapha anthu odziwa phiri.

Kabaza_YYC

Mayi mwanena zoona za kuyenda m'miyala, zimenezo sindinaziganizire, kuno sitinyamula ski pamsana kawirikawiri mpaka kumapeto kwa season. Pokhapo pa Maestrale ndingoti ayang'ane binding kaye chifukwa pansi pake ndi pa touring, si binding iliyonse ya pa resort ingailandire. Ndipo masiku 13 pa piste youma ndi jombo yopepuka ndi binding ya ma pin okhaokha ine sindingamulimbikitse, ma pin sameza kugwedezeka ngati binding ya resort, kugwedezeka konse kumabwera m'miyendo. Ngati ski ndi imodzi yogwira zonse bola Salomon Shift kapena Marker Duke PT, pokwera umagwiritsa ma pin potsika kutsogolo kumasanduka ngati binding wamba. Ndi zolemera koma bondo limakhala pabwino.

Nangozo_Tromsø

Ndangoona miyezo yanu achimwene. Mapazi a 26.6 ndi 26.3 mu chigoba cha 27.5 ndi mpata wa 2.4 ndi 2.7, imeneyo igulitseni ikadali yooneka bwino, season isanathe anthu akadafuna. Bootfitter akhoza kumata thovu kuzungulira akakolo nkuika kanthu pansi pa liner kuti muthe nayo winter ino, zimathandiza masabata angapo, koma thovulo nalonso limaphwa ndipo mudzabwerera pomwe munali. Mukapita kokayeza musatchule dzina la jombo imene mukufuna, muvule masokosi aone mapazi onse awiri, muwauze masiku anu a lift ndi a kuthengo mmene mwatiuzira ife, ndipo mufunse ngati kukonza pambuyo pogula kuli mu mtengo womwewo, ma shop ambiri abwino amatero. Mufunsenso ngati pulasitiki ya jomboyo imalola kukuzidwa pa kachala, chifukwa zigoba zina zopepuka ndi zopyapyala ndipo mmisiri amaopa kuzikankha kwambiri. Phazi lamanja lalikululo ndi limene lisankhe size, lamanzere adzalidzaza.

Wa_ku_Dedza_Inverness

Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Binding yanga ndi Shift a Kabaza, ndiye GripWalk ndi touring zonse imalandira, ndipo ku shop ku Aviemore anati mpata wosunthira ulipo sipafunika kuboola. Ndinapita Lachinayi nditaweruka, ndinakhalamo maola awiri ndi theka. Mnyamata wake anayeza m'lifupi napeza 104 mm kumanja, anati pamwamba pa phazi langa ndi potsika ndiye nchifukwa chake ndimamanga buckle yachiwiri mwamphamvu kufuna kugwira chidendene, nkumatseka magazi opita ku zala. Dzanzi lija gwero lake linali limenelo, kuphatikiza masokosi awiri aja. Ndinayeza jombo zinayi zonse 26.5. Yopepuka kwambiri ija ndinaikonda poyenda koma chidendene chimanyamukabe pang'ono, ndiye ndatenga hybrid ya last 100 flex 110 imene inagwira kumbuyo osasuntha ngakhale ndiime ndi zala. Anawotcha liner, anaika footbed, nakuza chigoba pa fupa la kachala mbali zonse ziwiri.

Dzulo ndinakwera nayo kuchoka pa car park mpaka pamwamba pa Cairn Gorm, mamita 600 okwera, sokosi limodzi, tepi pachidendene monga munanenera mayi a ku Aberdeen. Thuza palibe. Kumanja kachala kanayamba kuwawa chakumapeto ndipo pali kamalo kofiira pafupa la mkati mwa akakolo, ndajambula pafoni ndikawaonetse Lachiwiri akakankhenso. Potsika ndinaona kusiyana kwakukulu, ndikangopendeketsa bondo ski imamva nthawi yomweyo, kale ndimayamba ndasuntha phazi mkati kenako ski nkumatsatira. Kosi ya avalanche ndalembetsa ya February. Yakale ija ndaiika pa malonda, 27.5, yavalidwa masiku 14, ngati alipo wa phazi la 27 ndi theka kuno ku UK andilembere ku inbox koma ayambe wayeza phazi papepala. A Nangozo, kamalo ka pa akakolo kaja kwanu anachita kukuza chigoba kapena anangosema liner?